Uchi wa pa Matuza a Mose

Lettie ankagwira ntchito mu labu ya pa esiteti ya nzimbe ku Nchalo. Ntchito yake inali yoyeza kuchuluka kwa shuga m'madzi a nzimbe. Sanali nesi, sanali dokotala, koma tsiku lina anatumiza kwawo ku Marka chithunzi atavala gauni yoyera, ndipo kuyambira pamenepo anthu akumudzi anayamba kumuona ngati munthu wa chipatala. Akafika kumudzi, amayi oyandikana nawo ankabwera ndi timabuku tawo ta kuchipatala kuti awawerengere zimene adokotala alemba. Poyamba ankawauza kuti iye amangoyeza shuga wa nzimbe. Kenako anatopa nako kukana, ndipo kunena zoona, ulemuwo unayamba kumukomera.

Amene ankanyadira kwambiri gauni ija anali Mose, mchimwene wake wamkulu. Bambo awo atamwalira, Mose anasiya sukulu ali Sitandade 7, n'kutenga bwato ndi maukonde a malemuwo kuti Lettie apitirize kuphunzira. Anali msodzi wa m'dambo la Ndindi, munthu wamtali, wokonda kuseka, amene ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Mkazi wake, Juliana, anali wa kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Ankawamba milamba ndi makakana amene Mose wapha n'kukagulitsa pa boma la Nsanje. Anali ndi ana awiri aakazi.

Mu Okutobala wa 2022, Juliana anaimbira Lettie foni. Anati Mose watuluka matuza m'nthiti, mbali imodzi yokha, kuyambira kumsana kuzungulira mpaka pachifuwa, ndipo akumuwotcha ngati makala. Malaya sakutha kuvala, ndipo patha masiku anayi asanapite kudambo. Anamuuza za kuchipatala koma akukana. Juliana anapempha kuti Lettie abwere adzamulankhule, poti munthu yekhayo amene Mose amamumvera ndi iyeyo. Atadula foni anatumiza chithunzi, ndipo Lettie atangochiona anadziwa kuti ndi mashingozi.

Masabata angapo m'mbuyomo, mnzake wa mu labu, Francis, anali atatumiza pa gulu lawo la WhatsApp nkhani yokhudza uchi. Nkhaniyo inkafotokoza kuti akatswiri ena anathira uchi m'timbale ta mu labu momwe munali tizilombo toyambitsa matenda, kuphatikizapo ta mashingozi, ndipo tizilomboto tinalephera kuchulukana bwino. Inatchulanso za anthu ochepa amene zilonda za pamilomo zinapola msanga atapaka uchi. Lettie anaiwerenga yonse, m'Chingerezi chake chovutacho, ndipo mawu amene sanawamve anawafufuza. Inamusangalatsa chifukwa timbale ta mu labu ankatidziwa, ankatigwira tsiku ndi tsiku.

Panali chinthu china chimene ankachidziwanso, chimene aliyense ku Chigwa cha Shire amachidziwa: kuti mashingozi akagwira munthu wa zaka 38, nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo munthuyo ayenera kukayezetsa magazi. Anaziganizira zimenezi mu minibasi kuchokera ku Nchalo mpaka pa Bangula. Koma nkhani yotero mlongo wamng'ono angaiyambe bwanji kwa mchimwene wake amene anamulera? Pofika pa boma la Nsanje anali atadziuza kuti si onse a mashingozi amene ali ndi kachilombo, ndipo kuti kutentha kwa chaka chimenecho kunali kokwanira kufooketsa aliyense.

Pafupi ndi depoti pankakhala bambo wina wachikulire, a Saulos, amene ankatsika ndi uchi kuchokera kumapiri a ku Chididi komwe anali ndi ming'oma yawo. Uchi wawo unali wakuda, wolemera, wa tizidutswa ta zisa mkati. Lettie anagula mabotolo awiri n'kukwera galimoto ya ku Marka.

Anapeza Mose atagona pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, wopanda malaya, akudzikupiza ndi chikatoni. Matuza ena anali ataphulika. Atamuona mlongo wake anayesa kudzuka koma analephera, n'kungoseka. Juliana anabweretsa madzi akumwa, nakhala pambali kudikira kuti Lettie anene zimene anamuitanira. Ataona kuti akungofunsa za ululu ndi za kudya, anayamba yekha. Anati njinga yamoto ilipo, akhoza kunyamuka m'mawa kupita kuchipatala.

"Nkhabe," Mose anakana m'Chisena. "Kuchipatala ine ayi. Ndikakhale pamzere tsiku lonse kuti andipatse panado?"

Apa mpamene Lettie anatulutsa mabotolo aja. Anafotokoza za akatswiri, za timbale, za tizilombo tolephera kuchulukana. Analankhula bwino, mosadodoma, ndipo anaona nkhope ya mchimwene wake ikumasuka. Anawonjezera kuti masiku oyamba amene mankhwala a kuchipatala amathandiza kwambiri anali atadutsa kale, choncho chotsala chinali kusamala zilondazo kuti zisalowe mafinya.

"Uchiwu umapha tizilombo?" Mose anafunsa.

"Akatswiri anayeza, achimwene."

"Tizilombo tonse?"

Lettie anazengereza pang'ono. "Akuti tambiri ndithu."

Juliana anamuyang'ana mlamu wakeyo nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kupita kukasonkhezera moto wa nsomba zake.

Lettie anakhala masiku atatu. M'mawa ndi madzulo ankatsuka zilondazo ndi madzi owiritsa a mchere, kupaka uchi, n'kuphimba ndi kansalu kochapa bwino kuti ntchentche ndi nyerere zisafike. Anamuphunzitsa Juliana kachitidwe kake, ndipo Juliana ankachita mosamala kuposa iye. Zilondazo sizinalowe mafinya. Patatha masabata atatu zinauma, n'kusiya zipsera zakuda ngati lamba. Mose anabwerera kudambo.

Padoko panalibe amene sanamve za nkhaniyi. Mose ankakweza malaya n'kuonetsa asodzi anzake zipsera, kuwauza kuti mlongo wake wa ku labu wamuchiritsa ndi uchi, chinthu chimene azungu angochitulukira kumene pamene ife takhala nacho m'mapirimu. Anayamba kumwa supuni imodzi m'mawa uliwonse asanakwere bwato. Botolo likatsala pang'ono, ankatuma Juliana kuti akapita kukagulitsa nsomba pa boma adzere kwa a Saulos. Lettie akamva zimenezi pafoni ankaseka, mtima uli m'malo.

Pa Khirisimasi anabweranso. Mose anamuphera bakha. Pamene ankadya, Lettie anaona kuti mafupa a m'khosi mwa mchimwene wake aonekera, ndipo lamba wa buluku lake anali ataboolanso bowo lina ndi msomali. Mose anati ndi kupalasa bwato padzuwa, nsomba zathawira kutali chaka chino.

Tsiku lotsatira Juliana anamuitana Lettie kuseri kwa nyumba komwe ankawambira nsomba. Analankhula motsitsa mawu, maso ali pamoto. Anati Mose amatuluka thukuta mpaka chofunda kunyowa, ndipo m'kamwa mumatuluka zoyera. Iye anamupempha kuti apite limodzi kukayezetsa, koma Mose amayankha kuti akumwa kale mankhwala, mankhwala amene anthu ophunzira anawayeza. Kupita yekha Juliana ankaopa, chifukwa akapezeka ndi kachilombo, abale a mwamuna adzati wabwera nako ndi iye kuchokera kutsidya.

"Alamu, inu ndi amene munamuuza za uchi. Muuzeninso kuti uchi uli ndi polekezera pake. Akumverani."

Lettie analonjeza kuti alankhula naye tsiku lomwelo.

Masana anamupeza Mose akusoka ukonde pakhonde, ndipo anakhala naye n'kumamugwirira mbali ina. Anali atakonza mawu ake. Koma asanatsegule pakamwa, Mose anayamba kukamba za bambo awo. Anati akanakhala moyo akanavina poona kuti mwana wa msodzi akuchiritsa anthu. Anati iye sadandaula kuti anasiya sukulu, chifukwa sukulu yake yonse ili mwa Lettie. Analankhula nthawi yaitali, manja akusoka, ndipo atamaliza Lettie anangoti ukondewo wakalamba, ufunika wina. M'mawa mwake anakwera galimoto yobwerera ku Nchalo. Juliana atamufunsa pafoni, anayankha kuti anayamba kumukonzekeretsa, adzamaliza akadzabweranso pa Pasaka.

Pasaka isanafike, mu Malichi, kunabwera namondwe ndipo madzi anasefukira m'chigwa chonse. Mudzi wawo unamira mpaka m'mawindo. Kwa masiku atatu Mose anali m'bwato kuchotsa anthu m'mitengo ndi pamadenga, kuwatula kumtunda n'kubwereranso. Banja lake linakhala pamsasa wa pasukulu ina kwa milungu isanu. Kumeneko ndi komwe anayamba kutsokomola ndi kutsegula m'mimba, koma pamsasapo odwala anali ambiri, ndipo aliyense ankati ndi madzi aja. Msewu utatseguka, Lettie anatumiza kudzera kwa kondakitala thumba la ufa, sopo, ndi botolo la uchi. Iye mwini sanapite. Nzimbe zinali pafupi kuyamba kudulidwa, ntchito inali yambiri, ndipo zimenezi zinamupatsa chonena.

Mu Juni, mutu unayamba kumupweteka Mose osaleka. Sabata yachiwiri khosi linauma, ndipo m'mawa wina anayamba kuitana anthu amene anamwalira kalekale. Juliana sanafunsenso munthu. Anaitana wa njinga yamoto, anamukhazika Mose pakati, iye n'kukhala kumbuyo atamukumbatira, mpaka kuchipatala.

Lettie anafika tsiku lotsatira. Mose anali pa diripi, maso ali otseka, thupi litatheratu. Dokotala amene ankamuona anali mayi wachitsikana, a Priscilla. Anaitanira Lettie ndi Juliana m'kachipinda ndipo, Juliana atavomera kuti mlamu wake amve nawo, anawauza kuti magazi aonetsa kuti Mose ali ndi HIV, chitetezo chake chatsikiratu, ndipo chimene chamugwetsa ndi matenda oumitsa khosi amene amagwira anthu a chitetezo chochepa. Kenako anafunsa za zipsera za m'nthiti zija, kuti mashingoziwo anadwala liti, ndipo anapita chipatala chiti.

Lettie anafotokoza yekha zonse, za nkhani ya pafoni, za a Saulos, za kansalu kochapa bwino. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma a Priscilla anamvetsera mpaka kumapeto. Anati zimene anawerengazo si bodza. Uchi umathandizadi pa zilonda, ndipo akatswiri akuufufuzadi. Koma m'kambale ka mu labu uchi umakhudzana ndi kachilomboko mwachindunji, pamene supuni ya uchi ikalowa m'mimba imangokhala chakudya, siikafika kwa kachilombo kamene kali m'magazi. Anatinso mashingozi amapola okha ngakhale osapaka kanthu.

"Funso silinali lakuti tipoletse bwanji matuzawa," anatero. "Linali lakuti abwera chifukwa chiyani. Akanabwera mu Okutobala muja, tikanamuyeza, n'kuyamba ma ARV sabata yomweyo."

Tsiku lachisanu Mose anatsitsimuka. Anali masana, Juliana atapita kukaphika phala ku khitchini ya oyang'anira odwala. Anamuzindikira Lettie, napempha madzi. Lettie anamumwetsa, kenako anayamba kupepesa, mawu akuthamangitsana. Mose anagwedeza dzanja kuti asiye. Anamuuza kuti zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, nthawi imene anapita kukapha nsomba ku Zambezi miyezi inayi, anali ndi mkazi wina kumeneko, ndipo patapita zaka ziwiri anamva kuti mkaziyo anamwalira atadwala nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo ankakayikira. Matuza atatuluka, anadziwiratu. Chimene ankaopa chinali kuonedwa ndi anzake a m'kwaya ali pamzere wolandira mankhwala, ndiponso kuyang'ana Juliana m'maso.

"Iwe sunandinamize, Lettie. Unabwera ndi botolo, ine ndinapeza pobisala. Ukanandiuza za kuyezetsa ndikanakukalipira."

"Koma mukanapita?"

"Ukanakhala iwe wanena, mwina ndikanapita."

Juliana atabwera ndi phala, Lettie anatuluka kuti awapatse mpata. Anakhala pabenchi panja kwa ola lathunthu. Zimene anakambirana awiriwo sanazimve, ndipo sanafunsepo. Mose anamwalira patatha masiku anayi, m'mawa, asanakwanitse zaka 39.

Juliana anali atayezetsa kale kuchipatala konko. Anapezeka nako ndipo anayamba kumwa mankhwala maliro asanachitike. Ana onse awiri anapezeka alibe.

Patatha mwezi, abale anakumana kuti akambirane za nyumba, bwato ndi ana. Amene ankatsogolera anali a Sebastiano, mng'ono wa malemu bambo awo a Lettie. Nkhani ya matendayo inali itamveka kale m'mudzi, ndipo zinaoneka kuti akuluakulu anali atagwirizana asanakhale pansi. A Sebastiano anati m'banja mwawo matenda amenewa sanalowemo ndi kale lonse. Anati mkazi woyendayenda m'misika ndi kudutsa malire amakumana ndi zambiri. Iwo sakuloza munthu chala, koma zingakhale bwino Juliana atabwerera kwawo, ana n'kutsala ndi abale a bambo awo monga mwa mwambo. Juliana anali atakhala pamphasa pakati pa amayi, mutu uli pansi.

Lettie anapempha kulankhula. M'mabwalo otere mwana wamkazi wa msinkhu wake sayamba kulankhula akuluakulu asanamalize, koma anamulola chifukwa cha sukulu yake. Anagwada, n'kunena zimene Mose anamuuza kuchipatala, za ku Zambezi ndi za mkazi uja, osachotsapo kanthu. Azakhali ake ena anamudzudzula kuti akunyoza wakufa. Iye anapitiriza. Anati Juliana ndi yekhayo amene anafuna chipatala kuyambira tsiku loyamba. Anati Juliana anamuitana iye kawiri kuti athandize, ulendo woyamba iye anabwera ndi uchi, ulendo wachiwiri analonjeza n'kuthawa.

"Ngati mukufuna munthu woti achoke pamudzi pano chifukwa cha imfa ya achimwene, yambani ndi ine."

A Sebastiano anafunsa ngati panali wina amene anamva mawu a Mosewo. Juliana anakweza mutu n'kunena kuti iyenso anauzidwa tsiku lomwelo, ndipo Mose anamupempha kuti amukhululukire. Akuluakulu anapita kuseri kukakambirana. Atabwerera anati Juliana akhale panyumbapo ndi ana ake, ndipo bwato alipereke kwa amene iye akufuna kuti azimuphera nsomba. Azakhali aja sanamulankhulenso Lettie mpaka anachoka, ndipo mpaka lero akakumana pamaliro amangopatsana moni wa pakamwa.

Madzulo a tsikulo, anthu atabalalika, Lettie anamupeza Juliana akusesa pabwalo. Anamupempha kuti amukhululukire. Juliana anapitiriza kusesa mpaka anafika pamtengo wa nimu, n'kuima.

"Takhuta chifukwa cha lero, alamu," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo. "Koma mawu amenewa ndinkawafuna pa Khirisimasi paja."

Anati sakumusungira chakukhosi masiku onse. Masiku ena amaiwala, masiku ena akaona ana akudya amakumbuka. Anamupempha kuti asamukakamize kunena kuti zatha pamene sizinathe.

Lettie anabwerera ku Nchalo. Francis atamufunsa za maliro, anamuuza mwachidule, osatchula za nkhani ija ya pa gulu, chifukwa Francis sanauze munthu kuti asapite kuchipatala. Akapita kumudzi tsopano, amayi akabwera ndi timabuku tawo amawauza kuti abwerere kwa amene analembayo akawafotokozere. Ena amati wayamba kunyada.

Juliana akumwabe mankhwala ndipo thupi linabwerera. Bwato analipereka kwa msuweni wa Mose, ndipo amawambabe nsomba n'kupita nazo pa boma Lachiwiri ndi Lachisanu. Lettie amaimba foni kumapeto kwa mwezi uliwonse. Amafunsa za ana, za mvula, za mitengo ya nsomba, ndipo Juliana amayankha zonse mwaulemu. Akatha mphindi ziwiri kapena zitatu, Juliana amati adikire aitane ana, n'kuwapatsa foni kuti alankhule ndi azakhali awo.